Ufa wa Mbewa Zoyera

1. Utsi wa penti

Mtsikanayu aliyense ankamutchula kuti Kamphepo, chifukwa sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Kusukulu ankathamanga, akamutuma kugolosale ankathamanga, ngakhale mayeso ankamaliza anzake akadali kutafuna cholembera pa funso lachiwiri. Choipa n'chakuti ankakhoza. Mwana wopupuluma akamalephera, mumapeza pomugwirira pomulangiza. Nanga akamakhoza, mungamuuze chiyani?

Bambo ake anali opopera galimoto penti. Anali munthu wanthabwala, wamapewa otambalala, ndipo ankabwera kunyumba nsidze zili zabuluu lero, mawa zofiira, kutengera galimoto ya tsikulo.

Tsiku lina chipinda chosungiramo penti ku galaja chinagwira moto. Bambowo analowa kukatulutsa mnzawo amene anakomokera mkatimo. Mnzawoyo anapulumuka. Iwo anatuluka opanda chilonda pakhungu, koma utsi anali ataumeza wochuluka.

Kuchipatala ananena kuti utsiwo unawotcha mapapo mkati, ndipo mapapowo atupa. Anawagoneka kwa kanthawi, kenaka anawatulutsa ndi kabotolo ka timapilitsi toyera. Namwino wachikulire amene anawaperekeza pakhomo anagwira Kamphepo pamkono.

"Iwe ndiwe wa sukulu, ndiye undimvetse bwino," anatero namwinoyo. "Timapilitsi timeneti ndi timene tikuletsa mapapo a bambo ako kutupa. Si tabwino ayi, sindikunamiza. Nkhope idzatupa, tulo tidzasowa, adzakwiya ndi zinthu zopanda pake. Adzafuna kutisiya. Aliyense amafuna kutisiya. Koma thupi likatizolowera, limaleka kupanga zake zimene timapilitsito tikugwira ntchito m'malo mwake. Ndiye ukatisiya mwadzidzidzi, thupi limatsala chimanjamanja. Timachepetsa ndife kuno, pang'onopang'ono, osati inu kunyumba. Ndaona anthu akubwerera muno pamachira chifukwa cha zimenezi, mwanawe, ndipo ena safika n'komwe."

Kamphepo anagwedeza mutu, koma maso ake anali pa minibasi imene inkadzaza kunja kwa geti.

2. Mpando wa pawindo

Zonse zimene namwino ananena zinachitika. Nkhope ya bambowo inafufuma mpaka maso kuoneka ang'onoang'ono. Ankakhala pa mpando wa pawindo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo kuchoka pampandopo kukafika kubafa ankaima panjira, dzanja lili kukhoma, akupumira m'mwamba.

Mayi ake a Kamphepo anali telala, ndipo ankasokera pabalaza pomwepo. Kale phokoso la makina osokera linali nyimbo ya m'nyumbamo. Tsopano linasanduka mlandu.

"Amayi ake, kodi chimakina chanucho sichitopa?" ankakalipa bambowo. Akatero ankayamba kutsokomola, ndipo akamaliza ankapepesa. Kupepesako kunali kowawa kumva kuposa kukalipa kuja.

Tsiku lina anadziona pagalasi lalitali limene makasitomala ankayezerapo zovala. Anaima n'kudziyang'anitsitsa.

"Amayi ake, kodi abwanawa abwera kudzayeza suti?" anafunsa. Inali nthabwala, koma palibe anaseka, ngakhale mwini wake.

Madzulo ake anaitana mwana wawo. "Kamphepo, ine ndatopa. Kupuma, mwana wanga, chinthu chimene khanda limachita popanda woliphunzitsa, ine chandikanika. Akuti timapilitsi tikundithandiza. Ngati uku ndiko kuthandizidwa, kaya kusathandizidwa kumakhala kotani."

Kamphepo analira, ndipo analinso wokwiya. Ankakwiyira chipatala, galaja, ngakhale munthu wopulumutsidwa uja, amene tsopano ankayenda bwinobwino mumsewu akuimba likhweru.

3. Madamu a mbewa

Tchuthi chitayamba, sukulu inasankha ana okhoza bwino sayansi kuti akathandize ku labu ya kuyunivesite. Kamphepo anamutumiza kwa mayi wina wofufuza mankhwala ochokera ku zomera. Aliyense kumeneko ankawatchula kuti Madamu a mbewa, koma osati pamaso pawo.

Labuyo inali ndi zipinda ziwiri. M'chipinda choyamba munali matumba a masamba ouma a chitsamba china chowawa, makina operera masambawo, ndi mabotolo a magalasi osawerengeka. M'chipinda chachiwiri munali timakola ta mbewa zoyera, za maso ofiira, zodya bwino kuposa ana ambiri a sukulu. Ntchito ya Kamphepo inali kutsuka mabotolo, kusintha utuchi m'timakola, ndi kupukuta makina operera aja.

Tsiku lina Madamu anamuitana pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso.

"Suzumira apa. Aka ndi kachidutswa ka phapo la mbewa imene inapuma mpweya woipa. Ukuona chiyani?"

"Pali gwa, Madamu. Palibe mipata."

"Ndiko kutupa kumeneko. Thupi likavulala limatumiza asilikali ake pamalopo. Nthawi zina amabwera ochuluka mopitirira, n'kudzaza timipata tolowa mpweya, mpaka mwini thupi kubanika. Tsopano ona aka."

Kachidutswa kachiwiri kanali ndi timipata tambirimbiri, toyera, totseguka ngati ukonde wa udzudzu.

"Iyinso inapuma mpweya woipa womwewo," anatero Madamu. "Koma iyi inalandira mankhwala amene tinatulutsa m'masamba aja."

Kamphepo anadzutsa mutu msanga. "Kodi mumazipatsanso mankhwala ena a kuchipatala?"

"Ayi. Muno sitisakaniza. Ukasakaniza sudziwa chimene chagwira ntchito."

Madamu sankadziwa kanthu za bambo odwala kunyumba, poti Kamphepo sanawauzepo. Koma anaona mmene nkhope ya mtsikanayo inawalira, ndipo anavula magalasi awo.

"Khala pansi, ndikuuze. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, aliyense wobwera muno amakhala nayo tsiku lake. Mbewa si munthu. Zinthu zambiri zimene zachiritsa mbewa zalephera pa munthu, ndipo zina zavulaza munthu. Komanso tsamba limodzi lili ndi mankhwala ambirimbiri mkati mwake. Ife timapatula amodzi okha, timawayeretsa, timawayeza pasikelo molingana ndi kulemera kwa kambewa. Otsalawo sitiwadziwa bwino. Ena akhoza kuwononga chiwindi, ena impso. Anthu amati za m'tchire sizipha chifukwa n'zachilengedwe, ngati kuti njoka inapangidwa kufakitale. Ine ndakalambira pa chitsamba chimenechi, koma mayi anga enieni atadwala mapapo lero sindingawapatse ngakhale kadontho. Ndiye chilichonse cha muno chizithera muno. Wandimva?"

"Ndamva, Madamu."

Anamvadi, koma anamva mwa ana okhoza bwino. Anatola zimene ankazifuna, zotsalazo n'kuzisiya pampando pomwepo.

4. Sitisakaniza

Makina operera ankatsala ndi ufa wobiriwira m'mbali mwake. Lamulo linali lakuti ufawo ausesere m'thumba la zinyalala zokawotcha. Masana amenewo Kamphepo anausesera m'kabotolo kamene ankatengeramo madzi akumwa. Anadziuza kuti kutola zinyalala si kuba.

Anadikira tsiku limene mayi ake anapita kukagula nsalu. Anatenthetsa madzi, anathiramo supuni ya ufa, n'kupita nayo kapuyo pa mpando wa pawindo. Anawafotokozera bambo ake zonse: mbewa, timipata totseka, timipata totseguka.

Bambowo ananunkhiza kapuyo n'kukwinya nkhope. "Ndiye wandiyesa mbewa?"

"Adadi, ine ndaona ndi maso angawa. Phapo limene linali gwa, kutseguka lonse."

"Nanga anamwino aja anati bwanji?"

"Anamwino aja sanaonepo zimene ndaona ine. Iwo amangogawa zimene apatsidwa. Ife ndi amene timapeza mankhwala atsopano."

Mwamumva? "Ife." Munthu wotsuka mabotolo, amene ngakhale gauni yoyera anachita kumubwereka.

Bambowo anayang'ananso m'kapumo. Anali munthu amene sukulu anailekera panjira, ndipo chonyadira chawo chachikulu padziko chinali mutu wa mwana ameneyu. Kugalaja ankautama mpaka anzawo kutopa nawo. Lero akanaukayikira bwanji?

"Chabwino, adokotala anga. Ndizimwa zonse ziwiri?"

"Ayi, Adadi. Ku labu sitisakaniza."

"Mayi ako akamva atipha tonse awiri."

"Samva."

Anamwa kapu yonse, akunjenjemera ndi kuwawa kwake. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse Kamphepo ankatenga timapilitsi ta tsikulo n'kukatiponya m'chimbudzi. Mayi ake akasuzumira m'kabotolo ankaona tikuchepa, ndipo mtima wawo unkakhala pansi.

5. Mbewa zatsopano

Poyamba zinaoneka ngati zayenda. Bambowo anagona tulo tabwino, anasiya kukalipa, ndipo tsiku lina anaimbira makina osokera nyimbo. Mayi ake a Kamphepo anagwetsa misozi yachisangalalo pa diresi la kasitomala. Bambo ndi mwana anayang'anana n'kutsinzinirana diso.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Bambowo anayamba kufooka. Chakudya chinawakana, akadya pang'ono ankasanza, akaimirira ankachita chizungulire. Chifuwa chinabwerera ndi kaphokoso kolira ngati chitseko chosathira mafuta.

"Ndi mankhwala akugwira ntchito, Adadi," anatero Kamphepo, ndipo anawonjezera ufa m'kapu.

Mayi ake anati apite kuchipatala, koma bambowo anakana. "Tsiku lathu lokaonana ndi dokotala silinakwane. Tikapita lero akatibweza." Zoona zake n'zakuti ankaopa mafunso.

M'mawa wina ku labu kunabwera mbewa zatsopano. Zinali zonenepa, zothamanga, zokwera m'mbali mwa timakola. Kamphepo anali atanyamula botolo lotsuka pamene anaona Madamu akuzigwira imodziimodzi n'kumazimwetsa mankhwala aja ndi kachubu.

"Madamu, komatu izi sizikudwala."

"Inde, sizikudwala."

"Nanga mukuzimwetseranji?"

"Ndi mmene timachitira," anayankha Madamu osatembenuka. "Timayamba kuzimwetsa zili bwinobwino, kwa masiku angapo, mankhwala akhazikike m'thupi. Kenaka m'pamene timazipumitsa mpweya woipa. Tikufuna tione ngati mapapo angatetezeke kutupa kusanayambe."

"Ndiye ija munandionetsa ija…"

"Inamwa isanavulale."

"Nanga imene yavulala kale?"

"Tinayesapo. Sitinaone kusintha kulikonse. Mwina tsiku lina tidzapeza njira, koma pakadali pano ayi."

Botolo linapulumuka m'manja mwa Kamphepo n'kuphwanyika pansi. Madamu potembenuka anangoona gauni yoyera ili pansi pakhomo, chitseko chikugwedera.

6. Funso la dokotala

Kunyumba anapeza anthu pakhomo. Bambo ake anali atagwa pafupi ndi makina osokera, ndipo aneba awiri ankawanyamulira m'galimoto ya wogulitsa matabwa wa mumsewu womwewo. Milomo yawo inali yotuwa, thukuta lili kamukamu, manja ozizira.

Kuchipatala anawagoneka pa kabedi ka matayala n'kuwaveka chopumira mpweya kumphuno. Dokotala wachinyamata anawayeza kuthamanga kwa magazi, anayezanso kachiwiri, ndipo nkhope yake inasintha.

"Magazi akuyenda mofooka kwambiri," anatero. "Amayi, timapilitsi tija tinawapatsa akumwa?"

"Tsiku lililonse, adokotala. Ndimasuzumira ndekha m'botolo."

"Sanadumphitsepo?"

"Ngakhale kamodzi. Mwanayu ndi amene amawapatsa, ndipo saiwala kanthu."

Dokotala anawerama pa wodwala. "Bambo, mukundimva? Ndiyenera kudziwa zoona. Ngati munasiya, ndikudziwa chochita pompano. Ngati mukumwa, ndiye kuti vuto lili pena, ndiyambe kufufuza."

Bambowo anatsegula maso. Sanayang'ane dokotala. Anayang'ana mwana wawo amene anaima kumapazi kwa bedi. Kenaka anakankha chopumira chija ndi chala.

"Ndikumwa," ananong'ona.

Anali atatsala ndi mpweya wa mawu amodzi, ndipo anauwonongera pa bodza loteteza mwana wawo.

Kamphepo sanawatsutse. Anali ndi mantha, mantha enieni, ndipo poyamba sanali a imfa ya bambo ake ayi. Ankaopa maso a mayi ake. N'zochititsa manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Dokotala analamula kuti atenge magazi ndiponso akajambule chifuwa. Anakankha kabedi kaja kupita nako mkati. Mayi ndi mwana anakhala pa benchi ya m'khonde. Anthu ankadutsa, ena ndi mabeseni, ena ndi ana kumsana. Nthawi inkapita, ndipo mkatimo dokotala ankafunafuna matenda amene kunalibe.

Mayi ake anamugwira dzanja. "Usalire, mwana wanga. Iwe wachita mbali yako. Pakanapanda iwe, bambo akowa bwenzi titawataya kale."

Mawu amenewo ndi amene anamudzutsa pa benchipo. Anakankha chitseko cholembedwa kuti abale asalowe, ndipo anapeza dokotala akuyang'ana chithunzi cha mapapo.

"Adokotala, samwa. Ndimataya ndine. Ndimawapatsa ufa wa masamba wa ku labu."

Dokotala sanamukalipire. Analibe nthawi yake. Anaitana namwino, anatchula dzina la jakisoni, ndipo anthu ovala zoyera anazungulira bedi mpaka Kamphepo osawaonanso bambo ake. Wina anamutulutsa pogwira paphewa.

7. Pa benchi

Mayi ake anali ataima pakhomopo. Anamva zonse.

Patapita kanthawi dokotala anatuluka. "Jakisoni tawabaya. Mukanandiuza pofika paja, bwenzi ndikulankhula zina. Tsopano mapapo atupanso kuposa poyamba, ndipo magazi akusonyeza kuti chiwindi chavulala. Mwina ndi ufawo. Ndi chitsamba chanji?"

"Sindidziwa dzina lake," anayankha Kamphepo.

"Muli chiyani mkati mwake?"

"Sindidziwa."

"Ankamwa wochuluka bwanji?"

"Supuni. Kenaka ziwiri. Sindinkayeza."

Dokotala anapukuta kumaso ndi dzanja. "Mtsikana, ine ndikulimbana ndi chinthu chimene sindikuchidziwa. Pita ukanditengere munthu amene akuchidziwa, abwere ndi masambawo. Sindikulonjeza kanthu. Tawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo makina ndi amene akuwapumira."

Dokotala atachoka, Kamphepo anagwada pa simenti. Ankayembekezera khofi, ndipo akanalilandira mokondwa. Koma mayi ake anangokhala pa benchi, manja ali pamiyendo. Pa bulauzi pawo panali pakadali singano yaulusi wofiira imene anabaya pamene amuna awo ankagwa.

"Ine sindinapite patali ndi sukulu," anatero mayiwo motsitsa mawu. "N'chifukwa chake namwino uja anagwira mkono wako, osati wanga. Ndinaona, ndipo sindinadandaule. Ndinati mwana wanga ndi maso athu. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira m'kabotolo kaja n'kumathokoza Mulungu, osadziwa kuti ndikuthokoza chimbudzi. Inu awiri munkatsinzinirana maso m'nyumba mwanga, ine n'kumayesa ndi chikondi cha bambo ndi mwana. Nzeru uli nazo, mwana wanga, palibe angakulande. Koma unaona kachidutswa kamodzi ka nkhani n'kuthamanga nako, ndipo wathamangira pa chifuwa cha bambo ako. Ukanandifunsa ine mbuli, ndikanakuuza kuti tiyeni tikafunse. Ndi zokhazo zimene ndimadziwa."

"Amayi, pepani."

"Pepaniyo usunge. Mwini wake ali mkatimu, ngati adzamve." Anatulutsa foni ya bambowo m'chikwama n'kumupatsa, osamuyang'ana. "Tenga iyi. Kukachitika kanthu ndikuimbira. Ndikapanda kuimba, ndiye kuti akadalipo."

8. Pakhomo la labu

Ulendo wobwerera ku labu unali wautali. Minibasi inkaima paliponse, kondakitala akukangana ndi anthu, ndipo Kamphepo anafumbata foni ija ndi manja awiri. Sinalire. Pa siteji iliyonse ankaiyang'ana, ndipo sinalire.

Anakwera masitepe a labu. Ankadziwa kuti akanena zoona, Madamu adzafunsidwa mmene ufa unatulukira m'chipinda chawo, ndipo ntchito imene anakalambirapo ikhoza kutsekedwa. Ankadziwanso kuti akapanda kunena, dokotala apitiriza kulimbana ndi mdima. Anagogoda.

Madamu anatsegula atavala magolovesi. "Wabwera? Magalasi ako ndasesa ndekha. Muno munthu akaswa botolo sathawa, amanena." Kenaka anamuyang'anitsitsa. "Mwanawe, watani?"

"Madamu, ufa wa m'makina uja sindinkataya. Ndinkawapatsa adadi. Ali ndi mapapo ovulala, ndipo ndinawasiyitsa mankhwala a kuchipatala."

Madamu anavula magolovesi aja. Asanayankhe, foni inayamba kulira m'manja mwa Kamphepo. Pagalasi pake panaoneka mawu amene bambo ake anasungira nambalayo: Amayi ake.

Inalira, n'kulirabe. Mbewa za m'chipinda chachiwiri zinkamveka zikupalasa utuchi.

"Yankha," anatero Madamu.

Kamphepo anapukusa mutu. Anatambasula manja onse awiri n'kuwapatsa foniyo.

"Yankhani ndinu, Madamu. Ine sindingathe."